Kucheza kwa pa Khonde: Ndidakaonera mpira pa bwalo lopendekeka

 Masabata angapo apitawa khonde lino lidali zii, ndipo ndamva kuti ena mumati mwini wake wagonekedwa kuchipatala, ena mumati wathawa ngongole ya feteleza. Ayi ndithu, ndiri moyo ndipo ngongole ndikubweza. Ndidali pa ulendo wa ku England, kumene agogo athu ankati ku Mangalande. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene adabadwira ku Dedza nthawi imene tidathawa nkhondo, adaphunzira za unamwino ndipo akugwira ntchito mu mzinda wa Sheffield. Iyeyo ndiye adanditumizira tikiti kuti ndikaone mwana wake woyamba. Za ndege, za chakudya ndi za dzuwa limene limakana kulowa mpaka 9 koloko ya usiku ndidzakusimbirani tsiku lina. Lero ndifuna tikambe za mpira.

Ndisadanyamuke, anyamata amene amaonera mpira pa kanema pa baraka ya kumsika adandizungulira. Wina adati ndikawajambulire bwalo la Manchester United, wina la Arsenal, wina adati ndikangogwira udzu wa ku Liverpool ndibwere nawo m'thumba. Nditafika ndidapereka madandaulo amenewa kwa mphwanga. Iye adaseka nati, "Malume, mwabwera mwezi wolakwika. Ligi ya kuno imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi. Muno mu Julayi matimu akungokonzekera, ndipo akuluakuluwo ambiri ali kunja kwa dziko. Koma musadandaule, Loweruka ndikutengani ku bwalo limene ndi gogo wa mabwalo onse amene anyamata anuwo akutchula."

Ndidavala jekete langa la ku tchalitchi poganiza kuti tikupita kumalo a anthu olemekezeka.

Poyamba ndikufotokozereni m'mene mpira wa kumeneko udayalidwira. Pamwamba pali Premier League imene mumaonera ija, ya matimu 20. Pansi pake pali magawo ena atatu, lirilonse la matimu 24. Onse pamodzi ndi matimu 92, ndipo awa ndiwo amatchedwa a mu ligi. Pansi pa amenewa pali matimu mazanamazana a m'matauni ang'onoang'ono ndi m'midzi, amene eni dziko amawatcha non-league, kutanthauza kuti ali kunja kwa ligi yaikulu ija. Nawonso ali ndi mipikisano yawo yosanjikizana ngati makwerero, kotero kuti timu ikapambana imakwera, ikalephera imatsika. Osewera ambiri a matimu amenewa sadya za mpira. Masana ndi amisiri omanga nyumba, aphunzitsi, oyendetsa magalimoto, ndipo amakumana madzulo kawiri pa sabata kuti aphunzire. Tinene kuti ngati Moçambola ndi denga, mipikisano ya chigawo ndi zipupa, awa ndi anzathu a pansi, a fumbi, onga matimu athu a m'midzi.

Basi idakwera nafe chitunda cha kumadzulo kwa mzinda mpaka dera lotchedwa Crosspool. Titatsika ndidayang'ana uku ndi uku kufuna chinyumba chachikulu chofika kumitambo, koma ndidangoona nyumba za anthu, mitengo ndi mpanda wa miyala. Mphwanga adaloza kakhomo kakang'ono nati tafika. Pakhomopo padali bambo wachikulire wa imvi amene amalandira ndalama, ndipo tidalowa mmodzimmodzi pa kachitseko kachitsulo kozungulira. Ndalama imene tidapereka anthu awiri, adatero mphwanga, siikadakwana tikiti ya munthu mmodzi ku Premier League.

Bwalolo dzina lake ndi Sandygate, kwawo kwa timu yotchedwa Hallam. Abale anga, mtima wanga udagwa. Pali kashedi kamodzi ka mipando, kwina konse anthu amangoima atatsamira chitsulo. Mbali imodzi ilibe mpanda n'komwe chifukwa udzu wake umapitirira kukalowa m'bwalo la cricket, masewera aja omenya kampira kolimba ndi thabwa. Choposa zonse, bwalolo ndi lopendekeka. Golo imodzi iri kumtunda, ina kumunsi, ngati munda wa m'mbali mwa phiri la Domwe. Timu imene ikumenyera kumtunda imachita kukwera chitunda, ndipo mpira ukasiyidwa wokha umafuna kubwerera. Ndidati, "Mphwanga, wanditengera ulendo wonsewu kudzandionetsa bwalo lopendekeka? Kwathu tiri nalo lotere."

Gogo wina amene adaima pafupi, atavala mpango wa buluu wa timuyo ngakhale kunkatentha, adafunsa chimene ndanena. Mphwanga atamasulira, gogoyo adaseka mpaka kutsokomola, ndipo adayamba kundiphunzitsa. Safunsa adadya phula, ine ndidatchera khutu.

Timu ya mpira yakale kwambiri pa dziko lonse ndi Sheffield FC, imene Nathaniel Creswick ndi William Prest adayambitsa mu 1857. Koma timu imodzi singasewere yokha. Mu 1860 anthu a cricket a pa Sandygate adayambitsa Hallam, ndipo pa 26 Disembala chaka chomwecho matimu awiriwa adakumana pa bwalo limeneli. Buku la Guinness limene limalemba zinthu zoposa zinzake lidavomereza kuti Sandygate ndilo bwalo la mpira lakale koposa onse pa dziko lapansi. Mu 1867 Hallam idapambana chikho chotchedwa Youdan Cup, mpikisano woyamba wa chikho mu mbiri ya mpira. Chikhocho chidasowa kwa zaka zambiri, ndipo chitapezeka mu 1997 kwa munthu wina wosunga zinthu zakale ku Scotland, timuyo idachigula kuti chibwerere kwawo. Taganizani, nthawi imene anthu adayamba kumenya mpira pa udzu umene ndidapondawo, agogo a agogo athu adali asadaonepo njinga.

Ndidavula chipewa.

Masewera a tsikulo adali opimana mphamvu chabe, amene kuno ena timati amistoso. Padalibe chikho, padalibe mapointi, padalibe mbuzi yoti opambana atenge. Cholinga chake n'chakuti miyendo imene yakhala ikupuma kuyambira mu Meyi idzuke, ndi kuti mphunzitsi wa timu aone anthu ake. Pa pepala la maina a osewera ndidaona dzina limodzi litalembedwa kangapo, Trialist, ndipo ndidati banja limeneli Mulungu adalidalitsa ndi ana aamuna odziwa mpira. Mphwanga adagwira pamimba ndi phwete. Si dzina la munthu ayi, ndi mawu otanthauza mnyamata amene akuyesedwa, amene sadalembedwe m'timu. Amabisa dzina lake kuti matimu ena asamutenge akaoneka bwino, ndiponso kuti asachite manyazi akalephera. Kwa owonera masewerawo adali ocheza, koma kwa anyamata opanda mainawo lidali tsiku la mlandu. Mmodzi wa iwo, wamtali ngati mlongoti, ankathamangira mpira uliwonse ngati wina wamubera nkhuku. Atamutulutsa chigawo chachiwiri adakhala pa udzu yekha, maso ali kwa mphunzitsi, kudikira mawu.

Mpira wake sudali wa pa kanema. Ena amaphonya, ena amamenyera kumwamba mpira n'kudumpha mpanda kukagwera mu msewu, ndipo kamnyamata kamathamanga kukautola chifukwa mipira ndi yowerengeka. Goloboyi wa alendo, mpira ukakhala kutali, amacheza ndi anthu amene adaima kumbuyo kwa golo yake, iwo akumunyoza iye akuwabwezera, onse akuseka. Agalu adalipo, omangidwa zingwe, ataima ndi eni ake. Chigawo chachiwiri matimu onse adasintha pafupifupi anthu onse, mwakuti ine ndidasokonezeka. Nthawi ina wosewera wa alendo adagwetsa mnzake moipa ndithu. Anthu adakuwa, ena adatulutsa mawu amene mphwanga adakana kumasulira. Ine ndidayamba kale kuyang'ana njira yothawira, pakuti ndikudziwa m'mene zimathera kwathu. Koma woyimbira, kamnyamata koti kangakhale mdzukulu wanga, adaitana wolakwayo, adamulankhula, awiriwo adagwirana chanza, mpira n'kupitirira. Palibe amene adalowa m'bwalo, palibe amene adazula mtengo wa mbendera.

Pa nthawi yopuma tidagula tiyi ndi chitumbuwa cha nyama m'kati. Amayi amene amagulitsa adali odzipereka, osalipidwa. Wolandira ndalama pakhomo uja chimodzimodzi. Wina amayenda ndi ndowa kugulitsa timapepala ta mwayi, ndalama yake yothandizira timu. Mpira utatha ndidaona anthu akuluakulu akuyenda m'bwalo ndi mafoloko a kudimba, kubwezera udzu umene nsapato zidazula, ngati mayi amene akusamalira nazale ya fodya. Potuluka sindidamve munthu akukangana za zigoli.

Koma chimene chandipangitsa kulemba nkhaniyi ndi bambo wina amene adandipeza ndikumwa tiyi. Adali ndi kabuku m'manja. Kumeneko kuli anthu amene chisangalalo chawo ndi kuyendera mabwalo ang'onoang'ono, lero uku mawa uko, n'kumalemba m'buku bwalo lirilonse limene afikapo. Atamva kuti ndachokera ku Mozambique maso ake adawala, ndipo adatchula Eusébio. Kenaka adatsegula kabuku kake nandifunsa mafunso atatu. Bwalo la kumudzi kwanu limatchedwa chiyani? Lidayamba chaka chanji? Mwini wake ndani?

Funso lachiwiri lokha ndidayankha mosavuta. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo ife a m'mudzi mwathu tidabwerera chaka chotsatira. Tidapeza tchire lokhalokha. Tisadamalize ndi nyumba zomwe, anyamata tidapempha malo kwa amfumu, tidasosa, tidazula zitsa ndi makasu obwereka, mitima iri m'mwamba poopa zimene nkhondo idakwirira pansi. Magolo adali a bulugamu, chingwe pamwamba. Mpira woyamba udali wachikulunga, wa mapepala a pulasitiki omanga ndi luzi. Pa bwalo limenelo anthu amene abale awo adali mbali ziwiri zosiyana pa nkhondo adavala malaya a mtundu umodzi n'kumapatsirana mpira. Pa bwalo lomwelo tidalandira anzathu a tsidya lina la msewu, a ku Malawi, amene adatisunga zaka za mavuto, ndipo tidawaphikira nsima atatigonjetsa. Zonsezi ndidamuuza bamboyo, iye akulemba.

Funso loyamba ndi lachitatu ndidangoti kukamwa yasa. Bwalo lathu liribe dzina, timangoti ku kampu. Mwini wake ndi aliyense, ndiye kuti palibe. Ndipo sindidamuuze m'mene liriri lero, chifukwa manyazi adandigwira. Inu ndikuuzani, pakuti mukudziwa kale, ndipo ndikhulupirira kuti kwanunso ziri chimodzimodzi. Ngodya ya kumunsi idasanduka munda wa mbatata ya kachewere, ndipo chaka chirichonse mizere imaonjezekera iwiri kapena itatu. Kumbuyo kwa golo ya kum'mawa wina adaumba njerwa n'kusiya dzenje loti mwana atha kumiramo nthawi ya dzinja. Ngolo zidatsegula njira pakati penipeni. Amfumu amene adatipatsa malowo adamwalira, ndipo mwa ife amene tidazula zitsa tatsala owerengeka. Tsiku lina mdzukulu wa munthu adzabwera ndi pepala kunena kuti malowo ndi a agogo ake, ndipo sipadzakhala womutsutsa.

Musaganize kuti a ku Sandygate zoterezi sadazione. Gogo wa mpango uja adandiuza kuti mu 1933 mwini malowo, amene adalinso ndi nyumba yogulitsira mowa pafupi, adaona kuti Hallam siikumubweretsera phindu lokwanira, ndipo adabwereketsa bwalolo kwa matimu ena. Timu yachiwiri pa dziko lonse, ya chikho choyamba, idakhala zaka pafupifupi 15 osamenya mpira, mpaka 1947. Mbiri yawo yonse ija siidawathandize pamene malo adali m'manja mwa munthu wina. Nayo Sheffield FC, mkulu wa onse, idakhala ikusamukasamuka pa mabwalo a eni, ndipo mu 2001 idakakhazikika ku Dronfield, kunja kwa mzinda umene idatengako dzina. Timu yopanda bwalo ndi mkamwini, atha kuuzidwa tsiku lirilonse kuti anyamule mphasa yake.

Wina anena kuti, "Akulu inu, tiri ndi njala, feteleza wakwera, inu mukutiuza za mpira? Mbatata timadya, bwalo sitidya." Ndikumva, ndipo amene adalima pa ngodya ija sindikumutenga ngati mfiti, ndi munthu wofuna kudyetsa ana. Ndikudziwanso kuti anzathu a ku England ali ndi ndalama, makina otchetchera udzu ndi mvula ya chaka chonse. Sindikunena kuti tifanane nawo. Ndipo ziripo zimene ife timawaposa. Mpira wawo ndi wosauka nyimbo. Kwathu chigoli chikalowa amayi amalowa m'bwalo ndi nthungululu, ana akugubuduka m'fumbi, ng'oma ikulira, mudzi wonse ukudziwa kuti kwachitika kanthu. Koma nthungululuzo zidzalira kuti bwalo likadzatha? Mizere itatu ya mbatata imadyetsa banja limodzi sabata imodzi. Bwalo limasunga anyamata ndi atsikana a mudzi wonse Loweruka ndi Lamulungu lirilonse, nthawi imene akadakhala ku kachasu kapena ku njuga.

Ndipo simudziwa amene akukula pa fumbi limenelo. Kumpoto kwa Sheffield komweko kuli timu ina yaing'ono yotchedwa Stocksbridge Park Steels. Mnyamata wina, Jamie Vardy, atachotsedwa ku Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16, adakasewera kumeneko akulandira mapaundi 30 pa sabata, masana akugwira ntchito m'fakitale. Mu 2010 adapita ku Halifax, mu 2011 ku Fleetwood, ndipo mu 2012 Leicester City idamugula ndi mapaundi 1 miliyoni. Mu 2016 adanyamula chikho cha Premier League. Eusébio amene bambo wa kabuku uja adatchula adabadwa mu 1942 n'kukulira ku Mafalala, ku Maputo, akumenya mpira wa nsanza wopanda nsapato, ndipo mu 1966 adamwetsa zigoli 9 pa mpikisano wa dziko lonse ku England komweko, kuposa wina aliyense. Reinildo Mandava, mwana wa ku Beira, adalowa timu ya Sunderland mu 2025 n'kukhala munthu woyamba wa dziko lathu kusewera mu Premier League. Ngakhale chikho cha Moçambola chidabwera m'chigawo chathu chino cha Tete mu 2017 ndi 2018 kudzera ku timu ya ku Songo. Onsewa adayambira pa bwalo lina lake limene munthu wina adakana kulimapo. Anyamata a pa baraka amadziwa maina a osewera onse a Arsenal mpaka ndi okhala pa benchi, koma afunseni kuti malire a bwalo la kwawo ali pati, muone m'mene akandire m'mutu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo likufunika mvula isadagwe, makasu asadalowe m'nthaka. Mudzi uliwonse umene uli ndi bwalo ukhale pansi ndi amfumu, aphunzitsi, akulu a mipingo, amayi ndi achinyamata. Muitanenso amene minda yawo yachita malire ndi bwalolo, osati kudzawazenga mlandu koma kudzagwirizana. Muyende nawo ngodya zonse zinayi anthu akuona, ndipo mvula ikayamba mubzale mitengo m'malire, kutali pang'ono ndi mzere kuti osewera asadzagundemo. Mugule kabuku ka kusukulu mulembemo chaka chimene bwalo lidayamba, amene adapereka malo, amene adasosa, ndi masewera alionse amene achitikepo kuyambira tsopano. Lamulo la malo la mu 1997 lidanena kuti nthaka ndi ya boma, koma lidavomereza ufulu wa anthu a m'mudzi pa malo amene akugwiritsa ntchito mwa mwambo wawo, ndipo lidati umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo ndi wovomerezeka. Ndiye chitani izi mboni zikadali moyo, ndipo mukatha mupite ku ofesi yoona za malo ku boma mukafunse njira yolembetsera. Musadikire munthu wa ndale kuti abwere ndi mipira iwiri ndi malaya a nkhope yake nthawi ya chisankho. Amene amasunga Sandygate si nduna ayi, ndi gogo wa pakhomo, mayi wa tiyi ndi akulu a mafoloko.

Chotsiriza, tikaitana anzathu a mudzi wina kapena a tsidya lina la malire kudzapimana mphamvu, tikumbuke kuti ndi alendo. Woyimbira asamathawe kudzera m'chimanga. Masewera opanda chikho asamathere kupolisi. Mlendo amene wamenyedwa sabweranso, ndipo timu yopanda alendo imafa ngakhale bwalo liripo. Sheffield FC idadikira zaka zitatu kuti ipeze mnzake weniweni wosewera naye. Ife anzathu tiri nawo mbali zonse, tisawathamangitse.

Anyamata a pa baraka, pepani, chithunzi cha Manchester United sindidabwere nacho. Ndabwera ndi cha bwalo lopendekeka, ine nditaima pakati pa mphwanga ndi gogo wa mpango wa buluu, jekete la ku tchalitchi liri pa phewa. Mukachifuna mundipeze Loweruka likubwerali m'mawa ku kampu. Mubwere ndi makasu ndi wilibala, tiyambe ndi kukwirira dzenje la njerwa lija. Ndipo mubwere mutaganiza dzina la bwalo lathu, chifukwa bambo wa kabuku uja adasiya mzere wopanda kanthu, ndipo ndidamulonjeza kuti mphwanga adzamuuza.

Tsalani bwino, tionana sabata ya mawa pa khonde pomwe pano.